Kodi nditenge khadi la ngongole kuti ndizikwera ndege ulere? Yankho kwa mayi a geni a ku Salima

Mayi ena omwe ali ndi shopu ya zovala ndi nsapato pa Kamuzu Road, kuno ku Salima, andifunsa motere: "Ndimapita ku Guangzhou kawiri pa chaka kukaoda katundu, ndipo ku Joni ndimapita kawiri kapena katatu, nthawi zina pa basi. Mwana wanga wandionetsa mavidiyo a anthu akunja omwe akuti amakwera ndege ulere chifukwa cha mapointi a pa khadi la ngongole. Kodi inenso nditenge khadi lotere ku banki? Matikiti andidula msana."

Mayi, zikomo pofunsa musanasaine pepala lililonse. Ndagulitsa matikiti a ndege ku Lilongwe kwa zaka zambiri ndisanabwerere kwathu kuno kunyanja, ndipo funso lanuli ndalimva kambirimbiri. Lowani pulogalamu ya mamailosi (mapointi amene amakulemberani mukauluka) ya kampani ya ndege imene mumakwera kale, lero lomwe, chifukwa kulowa n'kwaulere ndipo mwataya kale zambiri. Koma khadi la ngongole, lomwe ku banki amalitcha credit card, musalitenge chifukwa chofuna mapointi. Zinthu ziwirizi m'mavidiyo amazisakaniza ngati n'chimodzi, pamene kwa ife a ku Malawi n'zosiyana kutalitali.

Mumadziwa mmene zimakhalira mukamagula usipa ku Senga Bay kapena tomato mumsika wa pa boma. Wogulitsa akakuzolowerani amakuikirani pulaizi, kakang'ono pamwamba pa mulu, kuti mawa mudzabwerenso kwa iye. Mamailosi ndi pulaizi yomweyo. Kampani ya American Airlines inayambitsa pulogalamu yake ya AAdvantage mu 1981 pofuna kuti wokwera asamathamangire kwa opikisana nawo, ndipo makampani ena anatengera. Palibe mayi wanzeru amene amagula mulu wodula, kapena mulu umene sakuufuna, chifukwa chokopeka ndi pulaizi. Koma palibenso amene amakana pulaizi pa mulu umene wagula kale. Inuyo mwakhala mukuisiya pa benchi chaka ndi chaka.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchoka pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika ku Addis Ababa ndi mamailosi pafupifupi 1,600. Kuchoka ku Addis kukafika ku Guangzhou ndi pafupifupi 5,000. Kupita ndi kubwera ndiye kuti mwauluka mamailosi oposa 13,000, ndipo maulendo awiri pa chaka akupitirira 26,000. Ku Johannesburg kuchokera ku Lilongwe ndi mamailosi 900 ndi kena, kupita kokha. Ngati mumakwera Ethiopian Airlines, pulogalamu yawo ndi ShebaMiles, ndipo kulembetsa kwake ndi pa foni pomwepo kapena ku ofesi yawo. Malawi Airlines, yomwe inayamba kuuluka mu 2014 Air Malawi itatsekedwa, ndi ya boma lathu magawo 51 pa 100 alionse ndipo magawo 49 ndi a Ethiopian, choncho perekani nambala yomweyo mukamagula tikiti ya ku Joni. Ethiopian inalowanso mu mgwirizano wa Star Alliance mu 2011, momwe muli South African Airways, Lufthansa, Turkish Airlines, Air China ndi ena. Mukakwera ndege ya aliyense mwa amenewa mutha kupereka nambala ya ShebaMiles ndipo mamailosi amalowa m'thumba limodzi. Kenya Airways ili mu mgwirizano wina, wa SkyTeam, ndipo kuyambira 2023 ili ndi pulogalamu yakeyake ya Asante Rewards. Airlink nayo ili ndi yake yotchedwa Skybucks. Kulembetsa konseko sikulakwa poti simulipira, koma sankhani imodzi yoti muzisonkhanitsiramo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndaona anthu ali ndi mamailosi 4,000 uku, 6,000 uko, 3,000 kwinanso, ndipo palibe kumene akwanira kugula ngakhale ulendo wa ku Nairobi.

Pali chinthu chimene m'mavidiyo sanena, ndipo ndikufuna muchimve bwino kuti musadzakhumudwe. Mamailosi amene mwauluka si amene amakulemberani. Tikiti iliyonse ili ndi chilembo chake chimodzi, chosonyeza gulu la mtengo. Anthu awiri akhoza kukhala mipando yoyandikana, kudya chakudya chofanana, koma wina analipira tikiti ya mtengo wonse, wina ya pulomoshoni. Woyambayo amulembera mamailosi onse, wachiwiriyo mwina theka kapena kucheperapo. Matikiti a gulu, ngati amene amagulira anthu opita ku Makka kuchokera kuno ndi ku Nkhotakota, nthawi zambiri amabweretsa ochepa kwambiri, ena osabweretsa n'komwe. Ndiye mukamagula, funsani ejenti wanu kuti, "Tikiti imeneyi chilembo chake n'chiti, ndipo ikundipatsa mamailosi angati?" Ejenti wodziwa ntchito amayankha asanachotse maso pa kompyuta.

Nanga mailosi imodzi ndi ndalama zingati? Amene amawerengera zimenezi kunja amaika pa senti imodzi ya dola kapena kupitirira pang'ono. Ndiye ulendo wanu umodzi wa ku China, akakulemberani onse 13,000, ndi ngati madola 130, ndipo akakulemberani theka ndi ngati madola 65. Si ndalama yoinyoza, koma isakumangeni manja. Ngati kampani ina ikugulitsa tikiti ya ulendo womwewo motsika ndi madola 150, ndipo makilo a katundu ndi ofanana, gulani yotsikayo mtima uli m'malo. Ndalama ya m'manja imagula mpunga wa Lifuwu ndi kulipira fizi. Mamailosi amagula mpando wa ndege basi, ndipo pokhapokha mpandowo ukapezeka.

Tsopano za khadi lija. Anthu amene mwawaona m'mavidiyo sakunama, koma akukhala m'dziko limene malamulo a ndalama ndi ena. Ku America, munthu akalipira ndi khadi m'sitolo, mwini sitolo amadulidwa pafupifupi 2 kwacha pa 100 kwacha iliyonse, tinene choncho, ndipo gawo lalikulu limapita ku banki imene inapereka khadilo. Ndalama imeneyo, pamodzi ndi chiwongoladzanja cha anthu olephera kubweza ngongole pa nthawi yake, ndi imene banki imagulira mamailosi kwa makampani a ndege n'kumagawira makasitomala ake. N'chifukwa chake amatha kupatsa munthu mamailosi zikwi makumi angapo pongotsegula khadi. Ku Ulaya anaika malire mu 2015 kuti gawo lopita ku banki yopereka khadi lisapitirire 0.3 pa 100 pa makhadi a ngongole, ndipo mphatso za kumeneko n'zochepa poyerekeza ndi za ku America. Ku Joni zilipo ndithu: banki ya FNB ili ndi eBucks, Standard Bank ya kumeneko ili ndi UCount, Nedbank ili ndi Greenbacks, Absa ili ndi Absa Rewards. Koma zimenezi ndi za munthu amene ali ndi akaunti ya kumeneko, malipiro a m'marandi ndi mapepala omuyenereza kukhala m'dzikomo. Ngati muli ndi m'bale amene amagwira ntchito ku Joni mwalamulo, iyeyo ndi amene angapindule nazo. Makhadi a ku America aja amafuna munthu wokhala komweko, wokhala ndi mbiri ya ngongole ya komweko. Munthu wa pa Kamuzu Road sangawatenge, ndipo wina akakuuzani kuti akutsegulirani mukamupatsa kenakake, ameneyo akufuna ndalama zanu ndi pasipoti yanu.

Kuno kwathu nkhani yaikulu ndi chiwongoladzanja. Mu 2024 Reserve Bank of Malawi inakweza mlingo wake wa chiwongoladzanja kufika pa 26 pa 100, ndipo mabanki akamabwereketsa munthu wamba amaonjezera pamwamba pake. Ngongole ya pa khadi ilibe chikole, choncho imakhala m'gulu la ngongole zodula. Nditenge chitsanzo chongoyerekeza kuti muone kukula kwake. Mwagula tikiti ya K2,000,000 pa khadi. Tinene kuti khadilo likubwezerani 1 pa 100 ngati mphatso: ndi K20,000. Katundu wanu wachedwa pa doko la Dar es Salaam kapena Beira, monga zimachitikira, ndiye mwezi watha musanabweze. Tinene chiwongoladzanja ndi 3 pa 100 pa mwezi: ndi K60,000. Mwezi umodzi wokha wadya mphatso yanu katatu. Miyezi itatu mwataya K180,000 kuti mupeze K20,000, osawerengera ndalama ya pachaka yosungira khadilo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndipo geni yanu ndi ya mtundu umene ndalama imatuluka lero n'kudzabwerera patatha miyezi, katundu akafika, akalipiridwa msonkho ku MRA, akagulidwa, ena mwa ngongole ndi aphunzitsi odikira malipiro a pakutha pa mwezi. Khadi la ngongole limapindulira munthu amene amabweza yonse, osati gawo, tsiku lisanakwane, mwezi uliwonse osaphonya. Ochita geni yooda kunja amene angakwanitse zimenezo ndi ochepa, ndipo si chifukwa cha ulesi, ndi mmene ndalama ya geni imayendera.

Onaninso mbali iyi. Makhadi ambiri opereka mamailosi amapereka mailosi imodzi pa dola imodzi imene mwagwiritsa ntchito. Kuti mupeze 13,000 amene ulendo umodzi wa ku China ungakupatseni, muyenera kulipira ndi khadi madola 13,000, omwe pa mtengo wa K1,700 pa dola ndi ndalama zoposa K22 miliyoni. Nanga inu ndalama zanu zambiri zimadutsa pati? Pa Airtel Money, pa Mpamba, ndi m'manja. Wa minibasi ya ku Lilongwe salandira khadi, wa kabaza salandira khadi. Ku Guangzhou komwe ogulitsa ambiri amafuna ndalama m'manja kapena njira zawo zolipirira pa foni, WeChat Pay ndi Alipay. Kuonjezera apo, chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja, mabanki athu amaika malire pa ndalama zimene khadi lingalipire kunja, ndipo malirewo amasinthasintha. Choncho ngakhale mutafuna kudutsitsa oda yanu yonse pa khadi, njira yake ndi yopapatiza.

Sindikunena kuti khadi n'loipa. Kukhala ndi khadi la Visa kapena Mastercard pa ulendo n'kothandiza: mahotela ena amafuna khadi kuti akusungireni chipinda, ndipo kuyenda ndi ndalama zonse m'chikwama pa Park Station ku Joni si nzeru. Khadi lanu la ATM, lotenga ndalama zanu zomwe, limachita zambiri mwa zimenezi popanda ngongole. Ngati banki yanu ikukupatsani khadi la ngongole ndipo mtima wanu ukulifuna, khalani pansi ndi wa ku bankiyo, akulembereni pa pepala ndalama ya pachaka, chiwongoladzanja cha pamwezi, masiku amene mungabweze popanda chiwongoladzanja, ndi ndalama imene amadula mukalipira kunja. Mufunsenso ngati mapointi awo amasinthika kukhala mamailosi a ndege kapena ndi ongochotsera mtengo m'masitolo ndi m'mahotela. Musatape nalo ndalama pa ATM, chifukwa pamenepo chiwongoladzanja chimayamba tsiku lomwelo. Ndipo mukamalipira ku Joni kamakina kakakufunsani ngati mukufuna kulipira m'marandi kapena m'ndalama ina, sankhani marandi. Mukasankha inayo, amene akusinthirani ndi mwini makinawo, pa mtengo wake, ndipo kawirikawiri umakhala woipa kuposa wa banki yanu.

Tibwerere ku mamailosi, poti phindu lanu lenileni lili kumeneko, ndipo si tikiti yaulere ayi. Ndi makilo. Pulogalamu ya ShebaMiles ili ndi masitepe: Blue, Silver, Gold ndi Platinum. Silver imafuna mamailosi ouluka 25,000 pa chaka, Gold 50,000. Mamailosi okwezera sitepe amachokera pa kuuluka, ndipo amawerengedwa padera ndi amene mumagulira tikiti. Munthu wa Gold, pa ndege za Star Alliance, amaloledwa chikwama china choonjezera kapena makilo 20 ena, amakhala ndi mzere wakewake popereka katundu, komanso amalowa m'chipinda chopumira momwe muli chakudya ndi poti n'kutchajira foni. Pa maulendo ambiri akunja Ethiopian imalola zikwama ziwiri za makilo 23 chilichonse kwa wokwera wamba. Inu mukudziwa kuposa ine kuti m'chikwama chachitatu mumalowa mapeyala angati a nsapato za ana, ndi ndalama imene amalipiritsa pa sikelo mukapyola. Kwa munthu wa geni, chikwama chimenecho pa ulendo uliwonse chimaposa tikiti yaulere imodzi ya zaka ziwiri. Ndi maulendo anu apano, Silver ili pafupi ngati matikiti anu ali a chilembo chabwino, Gold ikadali patali. Musaonjezere ulendo wosafunika kuti mufikepo. Koma ngati kumapeto kwa chaka mwatsala ndi mamailosi ochepa, ndipo ulendo wa ku Joni mumati mupite pa basi kudzera ku Dedza, Tete ndi Beitbridge, pamenepo werengerani bwino, mwina ndege ulendo umodzi umenewo ikubwezerani.

Ndikumbuka bambo ena a ku Nkhotakota, ogulitsa zipangizo za njinga zamoto, amene anabwera pa desiki yanga atauluka maulendo asanu a ku Dubai. Anali atalembetsa, khadi la pulogalamu anali nalo m'kachikwama ka pasipoti, lokutidwa bwino mu pulasitiki. Titatsegula akaunti tinapeza ziro. Pa pasipoti dzina lawo linalembedwa mwa kalembedwe kena, pa akaunti mwa kalembedwe kenanso, kusiyana zilembo ziwiri zokha, monga zimachitikira ndi mayina ngati Muhammad ndi Mohamed. Kompyuta inkawaona ngati anthu awiri. Chimene chinawapulumutsa n'choti sankataya mapepala. Anatulutsa emvulopu ya khaki momwe munali ma boarding pass onse, timapepala tokwerera ndege tija, ena atafufutika inki ndi thukuta. Tinakonza dzina, tinatumiza madandaulo, ndipo maulendo aposachedwa anawalembera. Akalewo nthawi yodandaula inali itadutsa, anapita. Bambowo anakhala chete kwa kanthawi, kenako anandipempha kuti ndiwalembere nambala yawo m'kati mwa chikuto cha kope lawo la maoda. Inunso chitani chimodzimodzi. Dzina likhale ndendende ngati la pa pasipoti, nambala muipereke pogula tikiti, muione kuti yasindikizidwa pa boarding pass, ndipo pepalalo mulijambule pa foni musanakwere. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mamailosi asanaoneke, dandaulani msanga, chifukwa makampani amapereka miyezi yowerengeka yokha. Ulendo wanu womaliza, ngati ndi waposachedwa, funsani ngati angaulembere ngakhale munali musanalowe.

Mukawasonkhanitsa musawasunge ngati ndalama ya ku banki m'khonde. Mamailosi amatha nthawi. Ku Flying Blue ya Air France ndi KLM, mwachitsanzo, amafa pakatha miyezi 24 osachita nawo kanthu, ndipo pulogalamu iliyonse ili ndi lamulo lake limene limalembedwa mu akaunti yanu. Kampani ikhozanso kukweza chiwerengero cha mamailosi ofunika pa ulendo nthawi ina iliyonse, kapena kugwa m'mavuto. South African Airways inalowa m'mavuto a zachuma mu Disembala 2019, inasiya kuuluka mu 2020, n'kudzayambiranso mu Seputembala 2021, ndipo anthu a mamailosi a pulogalamu yake ya Voyager anakhala nthawi yonseyo akudikira. Komabe pali ubwino umodzi umene ife a kwacha tiyenera kuuyamikira. Kwacha itagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, pamene dola inachoka pa K1,180 kufika pa K1,700, matikiti anakwera usiku umodzi chifukwa mitengo yake imawerengedwa m'madola. Mamailosi a mu akaunti sanagwe nawo. Amene anali nawo anapeza kuti m'makwacha akugula zambiri kuposa dzulo lake.

Tikiti ya mamailosi si yaulere kwathunthu. Misonkho ya mabwalo a ndege ndi ndalama zina zoonjezera mumalipira ndi ndalama, choncho musanavomere, yerekezani ndi mtengo wa tikiti wamba wa tsiku lomwelo. Mipando yake imakhalanso yochepa, ndipo ya Disembala, ya Pasaka ndi ya nyengo ya Hajj imatha msanga. Inu amene masiku anu a ulendo mumawadziwa pasadakhale muli ndi mwayi: sungitsani miyezi ingapo isanafike, ndipo mukhale okonzeka kusuntha tsiku limodzi kapena awiri. Chenjerani ndi anthu a pa WhatsApp ogulitsa matikiti otchipa modabwitsa, akuti ndi a mamailosi awo. Makampani a ndege amaletsa kugulitsa mamailosi, ndipo ena mwa matikitiwo amagulidwa ndi maakaunti obedwa. Akazindikira amaifafaniza tikitiyo, inu muli kale pa Lumbadzi ndi zikwama, mutalipira galimoto makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Salima. Nambala yachinsinsi ya akaunti yanu musapatse munthu, ngakhale ejenti.

Za mtengo wa tikiti umene mwati wakudulani msana, mpumulo waukulu mupeza pa tsiku logula ndi tsiku louluka. Ku Guangzhou kumachitika chionetsero chachikulu cha malonda cha Canton Fair kawiri pa chaka, kuyambira pakati pa Epulo mpaka kumayambiriro kwa Meyi, ndi pakati pa Okutobala mpaka kumayambiriro kwa Novembala. Masiku amenewo ndege zimadzaza ndipo mahotela amakwera mtengo kwambiri. Ngati inu mumagula m'misika ya ku Xiaobei ndi Sanyuanli osati ku chionetseroko, palibe chifukwa chopitira nthawi imeneyo. Pewaninso nyengo ya chaka chatsopano cha ku China, chomwe chimagwa kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, chifukwa misika ndi mafakitale zimatseka kwa masabata. Funsani mtengo kwa maejenti awiri, muonenso pa tsamba la kampaniyo, ndipo muyerekeze pamodzi ndi makilo, osati mtengo wokha. Ndalama ya tikiti muziipatula pang'onopang'ono pa malonda a sabata iliyonse, kaya ku chipereganyu kaya ku akaunti yapadera, kuti mtengo wabwino ukaoneka mugule tsiku lomwelo ndi ndalama zanu.

Mwana wanu amene anakuonetsani mavidiyo ajawo mumupatse ntchito madzulo ano. Atenge pasipoti yanu, akulembetseni ku ShebaMiles pa foni akukopera dzina chilembo ndi chilembo, kenako mufufuze m'zikwama zanu za ulendo, m'matumba a m'mbali muja, ngati ma boarding pass a ulendo wapitawu akadalimo.